Mvula pa Malata a Alamu Anga

Ine ntchito yanga ndi kugulitsa mbatata ya kachewere, ndipo pakamwa panga sipachedwa kupsa. Amene anayesapo kundinenerera mtengo pa msika wa Ntengo-Wambalame, kuno m'boma la Tsangano, angakuuzeni. Sindine munthu woti n'kumutuma kukapempha, chifukwa kupempha kumafuna nkhope yofewa, pomwe yanga inauma kalekale ndi mphepo ya kumapiri kuno. Komabe chilimwe china ndinayenda khomo ndi khomo beseni lili pamutu, kupemphera nyumba ya alamu anga. Nyumbayo inamangidwa ndipo ilipo mpaka lero, koma ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

Achimwene anga, amene ndinapondana nawo, anakakwatira kutali, m'mudzi wina kuseri kwa Furancungo, m'boma la Macanga. Anapita kumeneko ali mnyamata kukagwira ganyu m'minda ya fodya, n'kupezako mkazi, n'kukhazikika pachikamwini. Mayi athu anadandaula mpaka tsiku lawo lomaliza kuti mwana wawo wasankha kukhala mlendo moyo wake wonse. Achimwenewo sankayankha. Ndi munthu wa mawu ochepa kwambiri, moti ndinkawaseka kuti tsiku logawa mawu iwo anali kudambo, gawo lawo ndinalandira ndine.

Mkazi wawoyo, alamu anga, ndiye tinkagwirizana. Anali mayi wamfupi, wa chikhakhali chomveka kutsidya kwa mtsinje. Ndikafika ndi thumba la kachewere ankandilandira ndi chipongwe, amvekere ndabweranso ndi miyala yanga ija yothetsa nkhuni. Ine ndinkawabwezera kuti anthu a ku Macanga amalima fodya chaka chonse n'kumagona ndi njala, ngati kuti fodyayo amaphikika. Tinkatha tsiku lathunthu tikunyozana choncho uku tikutongola chimanga, achimwene ali poteropo akungomwetulira.

Tsiku lina alamuwo anagwa m'munda akupalira. Anawathamangitsira ku chipatala cha ku Furancungo ndipo anapulumuka, koma mbali yonse ya kumanja inali itafa. Anabwerera kunyumba pa ngolo, n'kuwagoneka pamphasa, ndipo pamphasapo sanadzukenso okha. Mawu ankatuluka movutikira, okhotakhota, koma chipongwe chija sichinafe nawo.

Nyumba yawo inali ya mitengo yophoma ndi dothi, yofolera ndi udzu, yakale ngati ukwati wawo womwewo. Nditapita kukawaona dzinja loyamba, ndinafika masana mvula ikugwa, achimwene ali kumunda. Ndinapeza alamu ali okha, madzi akudontha kuchokera kudenga n'kumawagwera paphewa. Dontho, dontho, pamalo amodzimodzi. Chitenje chinali chitanyowa mpaka kumsana. Pambali pawo pomwepo panali pouma, poti mwana wokwawa akanafikapo, koma iwo analibe mphamvu yosendera. Nditawafunsa kuti akhala choncho kuyambira liti, anati sankawerenga, ankangosamba zaulere. Ndinawakokera poumapo n'kuwasintha zovala, kenaka ndinatuluka kukalira kuseri kwa nkhokwe, chifukwa pamaso pawo sindikanatha.

Chaka chomwecho m'mipingo ya kuno ndi ya ku Macanga munamveka za bungwe lina lothandiza anthu kumanga nyumba zotsika mtengo. Silinkapereka nyumba yomangamanga ayi. Mabanja ankasonkhana m'gulu n'kumamangirana, lero kuumba njerwa za uyu, mawa kututa mchenga wa uje, mpaka aliyense nthawi yake itakwana. Bungwelo linkatumiza mmisiri, n'kugulitsa malata ndi simenti pa mtengo wotsika. Kwa banja losatha kugula ngakhale pa mtengo wotsikawo, makamaka lokhala ndi wodwala, mipingo inkasonkha. Woyendetsa zonsezi anali bambo wina wowonda woyenda pa njinga yamoto, amene aliyense ankamutchula kuti shefi, kutanthauza bwana, ngakhale mwini wake ankakana. Pamsonkhano uliwonse ankanena kuti mutu umodzi susenza denga, moti tinafika pomamumalizira akangoyamba. Sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti anthu akagwirizana ndiye kuti zonse zatheka.

Achimwene analowa m'gululo. Zilimwe ziwiri ankapita Loweruka lililonse kukamanga nyumba za anzawo, kuponda dothi, kusenza njerwa, kusonkhezera moto pa uvuni. Zikhatho zawo zinachita ming'alu yoti n'kulowetsamo njere ya mawere. Cholinga chawo chinali chimodzi basi, chakuti mkazi wawo agone pouma. Nthawi yawo itayandikira ananditumizira uthenga pa foni ya mnzawo, mawu ake ochepa monga mwa masiku onse, akuti njerwa zitheka koma malata palibe.

Ndiye ndinatenga beseni. Kuno anthu sapereka ndalama, chifukwa ndalama imabwera kamodzi pa chaka n'kupita isanakhale pansi. Amapereka zimene ali nazo, mbale ya nyemba, chitini cha chimanga, kachewere, nthawi zina nkhuku. Amayi a kumpingo kwathu tinagawana midzi. Pakhomo lililonse ndinkafotokoza nkhani ya dontho lija, phewa lija ndi chitenje chonyowa, ndipo ndinaona kuti imagwira ntchito. Amayi ankagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba kukatapa nyemba. Ndinaifotokoza kambirimbiri mpaka inasalala, moti ndinkadziwa poyambira ndi poimira kuti womvera ause moyo. Amene ankatapa kwambiri anali omwe madenga awo nawo ankadontha, poti iwo sankafuna kuwalongosolera zambiri.

Si onse anali a mtima wabwino. Ena okhala m'nyumba za malata ankatuma ana kudzanena kuti akuluakulu achoka, uku akuluakuluwo ndikuwamva akutsokomola kuchipinda. Mayi wina anandipatsa thumba la kachewere wooneka bwino pamwamba, koma ine ndakulira m'kachewere, fungo ndimalimva thumba lisanamasulidwe. Ndinamukhuthulira pakhomo pake pomwepo, wowola yekhayekha, n'kumufunsa ngati Mulungu wakeyo amadya zonunkha. Mpaka lero sitilonjerana, ndipo sindidandaula.

Koma mawu amene ankandibaya anali ena. Ambiri ankafunsa kuti kachewere wa ku Tsangano akafolere bwanji nyumba ya ku Macanga, kuchikamwini. Bambo wina wachikulire woweta ng'ombe, wa mabanja aja a Chingoni amene mkazi ndiye amatsatira mwamuna, anandiuza maso ndi maso kuti ndikutungira madzi m'dengu. Anati mlendo ndi mame, mkaziyo akadzangotseka maso achimwene anga adzabwera kuno ndi khasu lokha, nyumba n'kutsalira eni mudzi. Ndinawayankha kuti sindikupemphera achimwene, ndikupemphera munthu amene mvula ikumugwera ali gone, ndipo ngati mathole awo amagona pofolera, mlamu wanga sangaposedwe ndi thole. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti amuna anga ndi munthu wopirira. Sanapereke kanthu tsiku limenelo. Koma m'mawa wa tsiku la msika ngolo yawo inaima pakhomo panga, ndipo anatinyamulira matumba onse mpaka ku Tsangano osalipiritsa, akung'ung'udza njira yonse.

Pa msika wa Tsangano tinaima tsiku lonse mphepo ikutimenya. Achinyamata a kwaya ankaimba kuti anthu ayandikire, ine ndikukuwa mitengo. Ogula a magalimoto ochokera ku Tete ankafuna kutidyera masuku pamutu poona kuti ndi za mpingo, koma anapeza kuti pali ine. Woledzera wina anaponya kandalama m'beseni misozi ili chuchuchu, madzulo n'kubweranso kudzakaitanitsa, akuti kanali kokwerera shapa, minibasi ya kuno. Tinabwerera misika ingapo choncho, malonda anga enieni atagona, mpaka shefi anati za malata zakwana.

Nthawi yomanga itafika ndinasiyira mwana wanga wamkulu malonda, n'kukwera shapa kudzera ku Ulongwe, fumbi mpaka m'mano, kenaka njinga yamoto kuchokera pa Furancungo. Polowa m'mudzimo pali nyumba ina ya njerwa zootcha imene ndinkaidutsa nthawi zonse osaiganizira. Ulendo uno, poti mutu wanga unali pa njerwa, ndinaiona bwino. Inali yolimba, denga lili bwinobwino, koma yopanda chitseko, mbuzi zikulowa ndi kutuluka. Ndinangoti mumtima anthu a kuno n'ngosasamala, ife tikutha nsapato ndi kupempha iwo akusungira mbuzi m'nyumba yotere. Sindinafunse munthu.

Nyumba yatsopanoyo inkamangidwa pabwalo lomwelo, moyang'anana ndi yakale ija. Anthu anabwera ambiri, ndisaname. Amayi tinkatunga madzi kuchitsime cha kudambo, abambo akukanda matope ndi kupatsira mmisiri njerwa. Aliyense amene achimwene anamumangirapo anabwera kudzabweza, ena ndi makasu, ena ndi kaufa koti anthu adye masana. Kunabweranso gulu lina la m'tauni, ovala nsapato zoyera, amene ananyamula njerwa imodziimodzi n'kumajambulana pa foni. Mmodzi anafuna kulowa kuti ajambule wodwala pamphasa. Ndinamuimira pakhomo n'kumuuza kuti akajambule agogo ake.

Amene ankagwira ntchito kuposa tonse anali mwana wamkazi wa achimwene, mayi wa ana ang'onoang'ono. Mwamuna wake anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, ndiye iye ndi anawo ankagona m'kanyumba kophikiramo ka mayi ake, kotsekera ndi chiguduli. Ankayamba kutunga madzi ife tisanadzuke, khanda lili kumsana, ndipo pakati pa ntchito ankathamanga kukatembenuza mayi ake kuti asachite zilonda. Sindinamumvepo akudandaula.

Alamu tinkawagoneka pakhomo la nyumba yakale kuti azionerera. Ankatsatira mzere uliwonse wa njerwa ndi maso. Ankandiitana n'kundituma kwa mmisiri, kuti zenera lapendama ngati mphuno yanga, kuti chipinda cha kum'mawa chikhale chachikulu, kuti khonde likhale lotsika ana asamagwe. Ine ndinkaseka n'kumawafunsa ngati akuganiza zoberekanso. Ndinkawamva, koma sindinkamvetsa.

Malata anakhomedwa mitambo itayamba kusonkhana, mvula ya chizimalupsa itagwa kale. Shefi anatchula tsiku lodzapereka nyumba. Ine ndinasesa zipinda zonse, n'kuyala mphasa yatsopano imene ndinagula pa Furancungo m'chipinda cha kum'mawa chija. Potuluka ndinapeza achimwene atakhala pa mulu wa zidutswa za njerwa, mutu uli pansi. Ndinawauza kuti adzuke tikanyamule wodwala, mvula sidikira mwambo. Sanadzuke.

"Salowamo," anatero.

Ndinawafunsa kuti waletsa ndani, koma anangopukusa mutu. Mayi wina amene ankatsuka zidebe pafupi ndiye anandikokera pambali n'kundiuza nkhani yake. M'mudzi umenewo nyumba imene munthu waferamo imagwetsedwa maliro akatha, kuti mzimu usamabwerere kudzafuna malo ake. Kwathu kuno mwambo umenewu tinausiya, timangosesa, kuzira ndi kupemphera, koma kumeneko ankausungabe, ngakhale anthu opemphera. Nyumba ya njerwa ndi yovuta kugwetsa ndipo imamvetsa chisoni, ndiye amangochotsa chitseko n'kuisiya. Nyumba ya mbuzi ija inali yotero. Mwini wake anaferamo.

Sindinakayike kuti woletsa ndi mlongo wawo wa alamu, mwini mbumba, amene mawu ake ndiwo amamveka pabanjapo, poti mkamwini alibe chonena. Ndinawapeza m'chigafa chawo akukonza mitengo yoyanikira fodya, ndipo ndinawakhuthulira zonse zimene ndinali nazo. Ndinati akulanda nyumba mwini wake akupumabe. Ndinati achimwene anga ang'ambika manja zilimwe ziwiri, amayi a ku Tsangano achotsa nyemba pakamwa pa ana awo, iwo ali phee kudikira kudya zofera. Ndinawatchula mayina oti sindingawalembe pano. Iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera, n'kupukuta manja pa malaya.

"Mayi, ine sindidaletse. Ndidamuchonderera dzulo ndi dzana kuti alowe. Kafunseni alamu anu."

Ndinabwerera kunyumba yakale ija. Alamu anali mkati, pamphasa pawo pakale, akuyang'ana kudenga. Ndinaima pakhomo n'kuwafunsa ngati n'zoona.

"Khalani pansi, alamu, mukunditsekera kuwala," anatero. Nditakhala anayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe cha m'chitsime. "Ine ndili paulendo, inunso mukuona. Ndikakafera muja, mwana wanga sadzagonamo. Adzachotsa chitseko, mudzalowa mbuzi. Ino ndi yogwetsa kale. Ndisiyeni ndipite nayo."

Ndinawauza kuti ndife akhristu, abusa adzapemphera, palibe mzimu umene umafuna chipinda. Anati zimenezo akuzidziwa ndipo iwo sakuopa, koma mwana wawo adzakhala ndi anthu a m'mudzimo, osati ndi ine. Mdzukulu akadzangotsokomola adzati ndi agogo ake akumukoka, ndipo mayi wake sadzapirira, adzatuluka yekha. Ndinawachonderera kuti alowe masiku ochepa okha, amve kukoma kwake, akayamba kufooka tidzawabweze. Anandifunsa ngati imfa inandilonjeza kuti idzagogoda.

Kenaka ndinafunsa funso limene linkandiwotcha, lakuti maganizo amenewa anayamba liti. Sanabise. Anati kuyambira tsiku limene achimwene anabwera ndi nkhani ya bungwe.

"Mukadayenda ndi beseni kupemphera mtsikana wamphamvu zake wothawidwa ndi mwamuna, akadakupatsani chiyani? Akadati akalime. Koma wodwala amamvetsa chisoni. Matendawa andilanda zonse, alamu. Ndidati nawonso andigwirireko ntchito."

Ndinakwiya, ndipo sindibisa. Ndinaona ngati andiyendetsa midzi yonse ija nditasenza bodza. Ndinakumbukira amayi aja akugwira pakamwa, ndi nkhani yanga yosalala ija. Koma bodza lake linali pati? Dontho linali loona, phewa linali loona. Ndinafuna kuwakalipira monga ndinakalipira alongo awo, koma ndinadzigwira, chinthu chosachitika kawirikawiri. Ndinangowakonzera chitenje kumapazi n'kutuluka. Tsiku lotsatira sindinawayankhule, ndinkangowamwetsa phala chamumtima. Madzulo ake anandiuza kuti nkhope yanga ikakwiya imafanana ndi kachewere wophukira, ndipo ndinaseka ngakhale sindinkafuna.

Amene anapwetekeka kwambiri anali achimwene. Iwo sanadziwe kanthu mpaka tsiku lokhoma malata. Ndipo panali china choipa kuposa, chakuti chilimwe chimenecho sanamwete udzu. Chaka chilichonse ankamweta n'kuwonjezera padenga lakalelo, koma ulendo uno anati n'kutaya nthawi, nanga si mkazi akusamuka. Masiku onse anathera ku njerwa. Pofika nthawi imeneyi tchire linali litapsa kale, udzu wa anthu uli pamadenga awo. Anayendayenda n'kupeza timitolo tochepa ndi mapulasitiki otsala ku nazale za fodya, koma denga lowola silimva chigamba. Madzulo ena ndinawapeza ataima akuyang'ana dengalo. Ananena kamodzi kokha, osandiyang'ana, kuti iwo ankangofuna kuti agone pouma.

Mwana wawo wamkazi uja nayenso anakana kusamukira m'nyumba yatsopanoyo. Anagwada pambali pa mayi ake n'kunena kuti sangagone pouma iwo akunyowa, kuli bwino nyumbayo ikhale yotseka mpaka Mulungu atachita kufuna kwake. Alamu anamulola kulira mpaka anatopa. Kenaka anamuuza kuti akapanda kulowa ndi anawo, ndiye kuti iwo akunyowera pachabe, ndipo zimenezo sadzamukhululukira. Mtsikanayo anatembenukira kwa ine kuti ndimuthandize. Ndinamuuza kuti amvere mayi ake.

Tsiku lopereka nyumba shefi anafika ndi makiyi, atamva kale nkhaniyo. Analowa kwa alamu n'kugwada pambali pa mphasa, chipewa cha njinga chili m'manja. Anawapempha kuti tiwanyamule kwa kanthawi kochepa chabe, pa nthawi ya pemphero, kuti anthu amene anathandiza aone. Alamu anakana ngakhale zimenezo. Anati akangodutsa pakhomopo anthu adzaitcha nyumba ya malemu, ndipo ntchito yonse idzapita pachabe. Shefi anaimirira pang'onopang'ono. Ndinkaganiza kuti ayamba za malamulo a bungwe, ndipo ndinali nditakonzeka kumulumphira. Koma anangoti pronto, chabwino amayi, ndamva, n'kutuluka kukapereka makiyi kwa mtsikana uja. Mwambi wake wa denga sanaunene tsiku limenelo. Mtsikanayo analandira makiyi akulira, moti anthu a m'tauni aja anaganiza kuti ndi chimwemwe n'kuwomba m'manja.

Sindinabwerere kwathu msanga. Mvula yeniyeni inayamba patapita masiku ochepa, masana, ndi mphepo yamphamvu. Achimwene anakwera padenga kukagwira mapulasitiki kuti asauluke, ine ndinatsala mkati. Kunkadontha paliponse. Ndinawakokera alamu pakona imene inkaoneka bwino, napo panayamba. Pamapeto ndinatenga beseni langa lija, lomwe ndinayenda nalo midzi yonse, n'kuligwira pamwamba pa mutu wawo. Likadzaza ndinkakhuthula n'kubwereranso, mikono ikuwawa. Chitseko ndinali nditatseka chifukwa cha mphepo.

Anayankhula kanthu koma sindinamve mpaka nditawerama. Ankati nditsegule chitseko. Ndinawauza kuti mphepo iwapweteka, iwo anati nditsegule basi. Nditatsegula, phokoso la mvula pa malata linalowa m'nyumbamo, lalikulu, logonthetsa m'khutu. Kutsidya kwa bwalo adzukulu awo anali pazenera akukuwa ndi kuseka, chifukwa anali asanamvepo mvula ikulira choncho pamutu pawo. Alamu anatseka maso n'kumvetsera. Madzi ankawagwera kumapazi kumene beseni silinkafika.

"Ana aja akunyowa?"

"Ayi, alamu. Ali pouma."

"Basi. Miyala yanu ija yagwira ntchito."

Kuyambira tsiku limenelo mvula ikayamba tinkatsegula chitseko osadikira kuuzidwa. Chifuwa chinawagwira, monga aliyense akanayembekezera, ndipo mankhwala a ku Furancungo sanathandize nthawi yaitali. Anamwalira chimanga chisanamasule, pamphasa pawo pakale, nkhope italoza pakhomo. Tsiku la maliro mvula inagwanso. Amayi tinapanikizana m'nyumba yodonthayo mozungulira mtembo, tikuimba madzi akutiyenderera m'khosi, ndipo palibe amene ananena zoti tisamukire kutsidya, poti malemuwo anali atalamula kuti ngakhale bokosi lisayandikire khonde lija. Atatha kumeta, amuna a m'mudzimo anabwera kudzagwetsa nyumbayo. Sinavute. Anangokankha khoma limodzi, yonse n'kukhala pansi, fumbi osatuluka chifukwa inali yonyowa.

Akuchikazi anawasudzula achimwene mwaulemu, kuwamasula kuti atha kubwerera kwawo. Alongo a malemu aja, omwe ndinawatukwana m'chigafa, anawauza kuti ngati akufuna akhalebe, palibe wowathamangitsa. Mwana wa achimwene uja analira kuti bambo ake atenge chipinda chimodzi m'nyumba yatsopanoyo. Koma bambo sagona m'nyumba ya mwana wake wamkazi wamkulu, zimenezo ngakhale kwathu kuno sizichitika. Nyumba yawo inali itagwa, ndipo mphamvu zoyambira ina pabwalo lomwelo analibe. Anabwera nane pa shapa, ndi khasu ndi kachikwama, monga ananenera bambo wa ng'ombe uja. M'nyumba imene anaiumbira njerwa sanagonemo ngakhale tsiku limodzi.

Anthu amene anapereka ankandifunsa pamsika ngati nyumba ija inatha. Ndinkati inatha, ndipo sidontha. Bambo wa ng'ombe yekha ndiye anafunsa mofatsa, ndipo ndinawauza zonse. Ndinkayembekezera kuti anena kuti anandichenjeza, koma anangovula chipewa n'kuchiyang'ana, kenaka anafunsa kuti chaka chino ngolo ifunika liti. Beseni ndimayenda nalobe chilimwe chilichonse, kupemphera nyumba za anthu amene sindiwadziwa n'komwe. Nkhani ya dontho yokha sindinaifotokozenso pakhomo pa munthu.

Achimwene amakhala kuseri kwa nyumba yanga, m'kanyumba ka udzu kamene anamanga okha. Amayi a kumpingo anati tiwalowetse m'gulu la bungwe kuno, iwo anakana. Udzu amamweta chaka chilichonse tchire lisanapse, wambiri kuposa umene denga lawo likufuna, ndipo wotsalawo umangowolera pamulu mpaka wina atabwera kudzapempha. Nyumba yanga ndi ya malata. Mvula ikayamba ndimawaona akutsegula chitseko chawo n'kukhala pakhomo, mphepo ikuwawaza. Poyamba ndinkawakuwira kuti atseke, adwala chifuwa. Masiku ano ndimangowasiya.